Zoterera za m'ndowa ya amayi

Mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe sizinatsegulidwe pa tsiku lake. Kolera inali itavuta, ndipo boma linati ana ayambe adikira kunyumba kwa masabata awiri. Ine ndimaphunzitsa sayansi kusekondale, choncho ndinapezeka ndili ndi tchuthi chimene sindinapemphe, tchuthi chobwera chifukwa cha maliro a anthu ena. Ndinakwera minibasi kupita kwathu ku Ntcheu kukaona amayi.

M'mawa wa tsiku lachiwiri ndinati ndiwathandize kutsuka zosungiramo madzi. Zinalipo zitatu: ndowa yabuluu ya malita 20 imene ndinawagulira ndekha zaka zitatu m'mbuyomo, chigubu chachikasu chomwe kale munali mafuta ophikira, ndi mtsuko wawo wakale umene ndakhala ndikuunyoza kuyambira pomwe ndinapita ku koleji. Nditakhuthula madzi otsala m'ndowa, ndinapisa dzanja n'kusisita pansi pake. Chala chinatsetsereka ngati ndagwira mbale imene munali thelere. Ndi maso sindinaone kanthu. Madzi anali oyera mbee, a pamjigo, otungidwa dzulo lake, ndipo ndowayo inali ndi chivindikiro.

"Mukudabwa chiyani, aphunzitsi?" anatero amayi. Akafuna kundiseka amanditchula choncho. "Ndi mmene zimachitira ndowa zanuzi. Patseni kuno."

Anatapa mchenga wonyowa pafupi ndi thandala n'kuyamba kukwecha m'kati mwa ndowa monga amachitira ndi poto wamwaye. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwaletse, kenako ndinatseka, chifukwa ndinakumbukira zimene ndinawauza tsiku lomwe ndinabwera ndi ndowayo. Ndinati dothi limamwa madzi, lili ndi timabowo tobisalamo tizilombo, pomwe pulasitiki ndi yosalala moti ngakhale madzi enieniwo amalephera kugwirapo. Ndinadontheza madzi pachivindikiro kuwaonetsa mmene amadziunjikira ngati mikanda. Ndinkaganiza kuti chokana madzi chimakananso tizilombo. Apa ndi pamene ndinaphonya, ndipo zinanditengera kuwerenga kwa miyezi ingapo kuti ndimvetse kukula kwa kuphonya kwanga.

Tiyambe ndi mikanda ya madzi ija. Chinthu chilichonse chinapangidwa ndi mamolekyu, tizidutswa tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, amene amakokana. Molekyu ya m'kati mwa chinthu ili ngati nyumba ya pakati pa mudzi: kumanzere kuli mbale, kumanja kuli mbale, kutsogolo ndi kumbuyo chimodzimodzi. Ya pamwamba penipeni ili ngati nyumba ya kumalire, yoyang'ana kuthengo. Mbali imodzi ilibe woigwira dzanja, ndiye mphamvu yake ina yokoka imangotsala. Mphamvu yotsalayo ndi imene mabuku amaitcha surface energy. Ana anga a Fomu 3 ndimawauza kuti ndi njala ya khungu la chinthu. Galasi loyera bwino lili ndi njala yaikulu, n'chifukwa chake dontho la madzi likagwerapo limayala n'kuphwatalala. Tsamba la kabichi ndi nthenga za bakha zili ndi njala yochepa, madzi amangogubuduka.

Njalayi imayezedwa. Thomas Young wa ku England analongosola mu 1805 mmene kaimidwe ka dontho pa chinthu kamadalira kukokana kumeneku, ndipo m'zaka za m'ma 1950 William Zisman, amene ankagwira ntchito kumalo ofufuzira a asilikali a pamadzi a dziko la America ku Washington, anapeza njira yoperekera nambala kwa pulasitiki iliyonse podontheza zamadzimadzi zosiyanasiyana. Muyeso wake amaulemba mN/m. Madzi ali pa 72. Polyethylene, imene amapangira zigubu, majumbo ndi ndowa zambiri, ili pa 31. Polypropylene ili chapafupi pomwepo, cha m'ma 30. PVC ya mapaipi ili pa 39, PET ya mabotolo a zakumwa pa 43, nayiloni cha m'ma 46, ndipo Teflon ya mapani osamatirira ili pansi kwambiri, pakati pa 18 ndi 20. Lamulo lake n'losavuta: chamadzimadzi chimayala bwino pa chinthu chimene nambala yake ikufanana nacho kapena kuchiposa. Madzi, ndi 72 wawo uja, sangayale pa ndowa ya 31.

Koma mafuta ophikira ali cha m'ma 30. Amenewo pa ndowa ali kwawo.

Izi amayi anazidziwa kalekale popanda Zisman. Mayi aliyense amene watsukapo mbale amadziwa kuti kontena ya pulasitiki imene munali nyama imakhalabe ndi mafuta ngakhale uitsuke kawiri, ndipo kufiira kwa tomato wokazinga sikuchoka, pomwe tambula yagalasi ukaitsuka kamodzi imachita kulira ukaisisita ndi chala. Pulasitiki imakana madzi, inde, koma siikana zonse. Imalandira ndi manja awiri chilichonse chokhala ndi chikhalidwe cha mafuta. Tsono khungu la mabakiteriya ambiri lili ndi mapulotini ndi tizigawo tina tokhala ndi chikhalidwe chomwecho.

Pali china chimene chinandisangalatsa nditachimvetsa. Si kuti pulasitiki imakoka kachilomboko mwamphamvu. Njala yake n'njochepa, tanena kale. Amene amagwira ntchito yaikulu ndi madzi. Mamolekyu a madzi amakondana okhaokha kwambiri, ndipo chilichonse chimene sangagwirane nacho amachikankhira pambali kuti iwo apitirize kugwirana. Munapitako ku ukwati kumene simukudziwa aliyense kupatula mkwati? Achibale amakhala m'magulu awo, kuseka nkhani zawo, ndipo mosakhalitsa mumapezeka mwakhala benchi imodzi ndi mlendo mnzanu. Simunasankhane. Anakuunjikani pamodzi ndi eni mudzi posakusamalani. Kachilombo ndi khoma la ndowa zimakumana chomwecho. Mu 1979 Madilyn Fletcher ndi George Loeb anaika mabakiteriya a m'nyanja a mtundu wa Pseudomonas pa zinthu zosiyanasiyana n'kuwerenga amene anakakamira. Ambiri anapezeka pa mapulasitiki okana madzi monga Teflon, polyethylene ndi polystyrene. Pa galasi panali ochepa. Ndowa imene ndinaigula monyadira ija inali m'gulu loyambalo.

Kuti tione mmene zimayendera tiyenera kudzichepetsa kufika pa msinkhu wa kachilomboko. Bakiteriya mmodzi ndi wautali pafupifupi gawo limodzi kapena awiri mwa magawo 1,000 a milimita. Pa msinkhu umenewo kulemera kulibe ntchito kwenikweni. Amangogwedezeka uku ndi uku pogundidwa ndi mamolekyu a madzi, ndipo ena ali ndi kamchira kosambirira. Akayandikira khoma pamachitika kukokana ndi kukankhana nthawi imodzi. Pali kukoka kofooka kumene kumakhalapo pakati pa zinthu zonse zoyandikana kwambiri. Palinso kukankhana kwa magetsi, poti m'madzi khungu la kachilombo ndi khungu la pulasitiki nthawi zambiri zonse zimakhala ndi chaji ya negetivi, ndipo zofanana zimakanana. Masamu a mkokemkoke umenewu anawalemba anthu anayi m'zaka za m'ma 1940, Derjaguin ndi Landau ku Soviet Union, Verwey ndi Overbeek ku Netherlands, n'chifukwa chake amangoti DLVO. Mfundo imodzi yotuluka m'masamuwo ndi yakuti mchere wosungunuka m'madzi umafooketsa kukankhana kuja. Madzi a pamjigo olawa kamchere, mkodzo, magazi, madzi a m'nyanja yamchere, monsemo kachilombo kamayandikira khoma mosavuta.

Kevin Marshall ndi anzake anaonetsa mu 1971 kuti kukakamiraku kuli pawiri. Poyamba kachilombo kamangoima pafupi, ngati munthu amene wati odi koma sanapatsidwe mpando. Ukatsukuluza pa nthawi imeneyo kamachoka. Kakakhalitsa kamatambasula tiulusi tating'ono kwambiri tochokera pakhungu lake, timene timaboola mpanda wa magetsi uja n'kukagwira khoma, kenako kamayamba kutulutsa zomata zopangidwa ndi shuga wolumikizana, mapulotini ndi DNA. Pamenepo mlendo wamanga nyumba. Amaswana, ena a mitundu ina amabwera kudzapempha malo, ndipo onse amakhala m'kati mwa phala lomatalo. Mudzi umenewu ndi umene Bill Costerton wa ku Canada ndi anzake anautchukitsa kuyambira 1978 ndi dzina loti biofilm. Ndi umene chala changa chinatsetserekapo.

Nanga amakakamiriranji khoma m'malo mosambira momasuka? Njala. Madzi akumwa ndi chipululu kwa bakiteriya, chakudya n'chochepa zedi. Koma kochepa kamene kalipo kamakonda kudziunjika pakhoma. Claude ZoBell wa kumalo ofufuzira za m'nyanja a Scripps, ku California, anazilemba mu 1943 ataona kuti madzi a m'nyanja akasungidwa m'botolo mabakiteriya amachuluka, ndipo ambiri amakhala atamatirira m'mbali mwa botololo. Khoma ndiye msika. Tsono taganizirani chigubu chimene munali mafuta ophikira, chimene mafuta ake sanachoke onse chifukwa cha 31 uja.

Sindikufuna kuopseza munthu. Ambiri mwa okhala m'zoterera za m'ndowa ndi mabakiteriya wamba a m'madzi ndi m'dothi, osadwalitsa. Vuto lake n'lakuti mudziwo susankha alendo. Kachilombo ka m'mimba kakalowa ndi kapu kapena ndi chala cha mwana, kamapeza pobisala, ndipo Vibrio cholerae amene amayambitsa kolera nayenso amadziwa kumanga midzi yotere. Chinanso, phala lomata lija limadya kolorini. Kolorini amene alangizi a zaumoyo ankagawa chaka chimenecho, kapena WaterGuard wa m'golosale, amapha msanga kachilombo koyandama, koma akafika paphalapo amathera pamwamba, a pansi osawakhudza. Nkhaniyi si yatsopano. Antonie van Leeuwenhoek wa ku Delft, ku Netherlands, mu 1683, anapala zoyera za m'mano mwake n'kuziika pa maikulosikopu yake, ndipo anaona tamoyo tambirimbiri. Atachukucha viniga m'kamwa n'kupalanso, anapeza kuti tambiri tidakali moyo. Vinigayo anapha ta pamwamba tokha.

Mpaka apa nkhani ikuoneka ngati yawongoka: njala yochepa, tizilombo tambiri. Ndikanakonda ikanathera pomwepa, ikanakhala yosavuta kulemba pabolodi. Koma nditawerenga za sitima za panyanja zinthu zinasokonekera. Pansi pa sitima pamamera zoterera, ndere ndi nkhono, zomwe zimachedwetsa sitima ndi kudyetsa mafuta ambiri. Robert Baier wa ku Buffalo, ku America, atayesa zinthu zambiri m'madzi a m'nyanja ndi m'magazi, anapeza kuti zamoyo zimagwira mofooka kwambiri pa zinthu zimene nambala yake ili pakati pa 20 ndi 30. Silicone, pulasitiki yofewa ngati labala, ali m'chigawo chimenecho, ndipo lero pali penti wa silicone wopaka pansi pa sitima. Ndiye zoona ndi ziti, za Fletcher kapena za Baier?

Zonse. Mafunso awo ndi osiyana. Wina ankawerenga ofika, wina ankayeza mphamvu yofunika kuwachotsa. Pa penti wa silicone zamoyo zimafika ndithu n'kukhala, koma sitima ikathamanga madzi amazikokolola, chifukwa guluu wawo sunapeze pogwira zolimba. Ndowa ya amayi siithamanga. Imangokhala pakona, madzi ali duu, ndipo wofika aliyense amakhala mpaka wina adzamuchotse ndi dzanja.

Chosokoneza chachiwiri n'chachikulu kuposa apa. Manambala onse ndatchula aja ndi a pulasitiki yoyera, youma, yongotuluka kufakitale. Ukangoiviika m'madzi a pamjigo, m'mkodzo kapena m'magazi, m'mphindi zochepa mapulotini ndi zinyenyeswa zina zosungunuka zimayala pamwamba pake kansalu kopyapyala kosaoneka. Bakiteriya akamafika sapondanso pulasitiki. Amakhala pamkeka umene ena amuyalira kale. Kaya pansi pa mkekawo pali simenti kaya dothi, wokhalapo sizimukhudza kwenikweni. Ku yunivesite ya Nottingham, gulu la Morgan Alexander ndi Paul Williams linadontheza mitundu mazanamazana ya mapolima, zinthu za m'gulu la pulasitiki, pa tigalasi, timadontho ting'onoting'ono, n'kuthirapo mabakiteriya otchedwa Pseudomonas aeruginosa, Staphylococcus aureus ndi E. coli kuti aone pamene angakane kumera. Zotsatira zinatuluka mu 2012. Anapezadi mapolima angapo amene tizilombo timalephera kumangapo mudzi, koma kaimidwe ka dontho la madzi sikanawathandize kulosera kuti ndi ati. Ine ndinazimva ngati mbama. Chionetsero changa cha mikanda pachivindikiro, chimene ndinagonjetsera nacho mtsuko wa amayi, sichinkanena chilichonse chodalirika za tizilombo.

Amene anasamalirapo wodwala wokhala ndi kapaipi ka mkodzo akudziwa mbali yowawa ya nkhaniyi. Malume anga anakhala nako miyezi ingapo. Timapaipi timeneti amatipanga ndi silicone kapena labala wokutidwa bwino, tosalala kuposa ndowa iliyonse, komabe pakatha mwezi pafupifupi aliyense wokhala nako amapezeka ndi mabakiteriya m'mkodzo. Pali wina wotchedwa Proteus mirabilis amene amaswa urea wopezeka m'mkodzo n'kusintha mkodzowo kuti mchere uziuma ngati timiyala m'kati mwa phala lake, mpaka kapaipi kutsekeka. E. coli naye ali ndi luso lake: kunsonga kwa tiulusi take kuli pulotini yotchedwa FimH, imene ofufuza a ku Seattle anaonetsa mu 2002 kuti imagwira kwambiri ikamakokedwa, ngati khwekhwe amene amathina nyama ikamaphupha. Mkodzo ukamayenda kuti umukokolole, iye ndiye amalimbitsa dzanja. Ndinkadabwa kuti anamwino amalimbikiranji kusintha kapaipi kooneka bwinobwino. Pano sindidabwanso.

Tibwerere ku mchenga. Apa ine ndi amayi tinagawana mlandu. Iwo ankalondola pa chinthu chachikulu: zoterera sizichoka ndi kutsukuluza, ngakhale kuthira mankhwala kokha. Zimafuna kukwecha. Mudzi womangidwa ndi guluu umafuna kugumula. Koma mchenga ndi wolimba kwambiri kuposa pulasitiki, ndipo kambewu kake kalikonse kamasiya mzere. Kwa ife mzerewo ndi kungothimbirira kwa ndowa. Kwa kachilombo kotalika gawo limodzi mwa 1,000 a milimita ndi chigwa chakuya, chokhala ndi makoma mbali zonse ogwirapo, kumene nsanza imadutsa pamwamba osafika pansi. Ukatsuka ndi mchenga umachotsa mudzi wa lero n'kulimira malo mudzi wa mawa, ndipo otsalira m'zigwamo ndiwo mbewu yake. Pa poto palibe vuto, poti akatsukidwa amabwerera pamoto. Ndowa siipita pamoto.

Nditaiyang'anitsitsa padzuwa, m'kati mwake munali mizere yozungulirazungulira ngati munda wolimidwa ndi ng'ombe. Ndinadonthezamo madzi monga ndinachitira ili yatsopano. Mikanda ija panalibe. Dontho linangoyala mwaulesi. Mbali ina ndi mizereyo ndi zotsalira m'menemo, mbali ina ndi dzuwa, limene limalowetsa okosijeni pakhungu la pulasitiki, kukweza njala yake ndi kuliumitsa mpaka liyambe kufumbutuka. Aliyense anaonapo beseni losiyidwa panja limene limatuwa kenako n'kusweka ngati bisiketi. Ndowa ya zaka zitatu sinalinso polyethylene ya m'buku ija ya 31.

Sopo ndiye amene sindinkamupatsa ulemu wokwanira. Molekyu ya sopo ili ndi mutu wokonda madzi ndi mchira wokonda mafuta. Mchirawo umakakamira pa pulasitiki ndi pa zamafuta, mutu n'kuyang'ana kumadzi, ndipo nambala ya madzi imatsika kuchoka pa 72 kufika cha m'ma 30. Pamenepo madzi amasiya mwano, amayala pakhoma, amalowa m'mizere ndi pansi pa phala lija. Ndiye ndondomeko imene tinagwirizana inali iyi: sopo ndi nsanza yofewa kapena chinkhupule, kukwecha mwamphamvu makamaka pansi pomwe khoma limakumana ndi tsinde, kutsukuluza, kenako kolorini, poti tsopano ali ndi pofikira, n'kuivundikira pathandala kuti iume. Kuuma kumathandiza, chifukwa phala lija gawo lalikulu ndi madzi. Ikauma ilowe m'nyumba, isamagone padzuwa tsiku lonse.

Chigubu ndiye chinatiimika mutu. Kukamwa kwake kochepa ndi dalitso: kapu siilowa, dzanja la mwana sililowa. Ubwino wotseka njira ya manja unayesedwa m'dziko mwathu momwe muno. Mu 1993, pamsasa wa Nyamithuthu ku Nsanje pomwe pankakhala anzathu othawa nkhondo ya ku Mozambique, mabanja ena anapatsidwa ndowa za malita 20 zokhala ndi chivindikiro ndi kamlomo kothirira. Tizilombo ta m'chimbudzi m'madzi awo tinachepa ndi 69 pa 100 alionse, ndipo kutsegula m'mimba kwa ana osafika zaka 5 kunatsika ndi 31 pa 100. Madzi a pachitsime anali abwino. Ankaipitsidwa ndi manja. Koma khomo lomwe limakaniza dzanja lakuda limakanizanso dzanja lotsuka. N'chifukwa chake anthu amathiramo mchenga kapena timiyala n'kukhutchumula, ndipo tabwereranso ku zigwa zija, ulendo uno m'malo amene diso silingaone. Ndinati tiyese tizidutswa ta nsanza ndi madzi ofunda a sopo, tikhutchumule nthawi yaitali, titsirize ndi kolorini. Sindinanene kuti ndi njira yangwiro. Amayi anandiyang'ana mmene amayang'anira wogulitsa mankhwala a m'basi.

"Chabwino," anatero. "Mchenga wa mapoto, nsanza ya ndowa. Nanga mtsuko wangawu mwaupeza ndi mlandu wanji lero?"

Ndinapisamo dzanja. Madzi ake anali ozizira ngati a m'firiji, poti dothi limatuluka thukuta n'kuziziritsa za m'kati. Khoma lake linali lokhakhala, ndipo chakumunsi nakonso kunali koterera pang'ono. Ndinawauza zoona, kuti nawonso uli ndi alendo ake, ndipo kukamwa kwake kwakukuluko kumafuna chivindikiro ndi chikho chimodzi chokhala ndi chogwirira chachitali, chosagwiritsidwa ntchito ina.

"Ndiye onse ndi amodzi," anatero, akung'amba chitenje chakale m'tizidutswa. "Ndalama zanu zija munangogula mtundu wabuluu."

Anandipatsa nsanzazo n'kuloza chigubu ndi mlomo.

"Yambani ndi icho, aphunzitsi. Dzanja lanulo ndi lophunzira, mwina lilowa."